Lachinayi: ndinayenda ndi fayilo ya agogo

Anamwino abwera m'mawa uno kudzatsuka bala la agogo, ndipo ati mafinya achepa. Amayi amva zimenezo ali pakhomo, n'kungokweza manja kumwamba osanena kanthu. Anamwino atachoka ndinawasambitsa agogo, kuwasinthira thumba lija la pamimba, kenaka n'kusonkhanitsa mapepala onse: buku lawo la kuchipatala, kalata yowatulutsira, zithunzi za ekisileyi ndi malisiti a mankhwala. Lero linali tsiku lokaonana ndi loya.

Kwa amene simukudziwa chiyambi chake: agogo anga aamuna ali ndi zaka 79. Matumbo awo anapotana ali kumudzi, mimba n'kutupa, osatha kuchita chimbudzi. Anawathamangitsira kuchipatala china, anawachita opaleshoni usiku womwewo, ndipo tonse tinathokoza. Koma atabwerera kunyumba bala silinapole. Thupi limatentha, chakudya chilichonse amasanza. Amalume atawabwezera kuchipatala kuja anauzidwa kuti mabala a anthu achikulire amachedwa kupola, ndi ukalamba basi. Anawapatsa mapiritsi n'kuwabweza. Titawatengera kuno ku Lilongwe, kuchipatala china, ekisileyi inaonetsa kamzere koyera kopindikapindika m'mimba. Adokotala anatilozera ndi cholembera n'kutiuza kuti tinsalu topukutira magazi ku fiyeta timakhala ndi kaulusi koonekera pa ekisileyi, amatipanga choncho dala kuti kakatsalira mkati kadziwike. Kansalu kaja kanali katamatirira kumatumbo n'kuwoletsa mbali ina. Pa opaleshoni yachiwiri anadula mbali yowolayo, ndipo tsopano chimbudzi cha agogo chimatulukira m'thumba lomata pamimba.

Munthu ameneyu chaka chatha chomwechi amapalasa njinga kupita kudimba, dengu la tomato kumbuyo. Lero sapita kutchalitchi poopa kuti thumba lingachuche pakati pa anthu. Ndikamawasinthira amayang'ana kukhoma mpaka nditamaliza, kenaka amati, "Pepa mdzukulu wanga." Akupepesa ndi iwo, amene sanalakwe kanthu.

Loyayo ndi mayi wina amene timapemphera naye, anavomera kutiunikira njira popanda kulipira. Anawerenga mapepala onse mwakachetechete, n'kuyamba ndi funso limene sindinaliyembekezere: kodi eni akewo akuti chiyani? Ndinati ife abale takambirana. Iye anati, "Mlandu ndi wa agogo anu, si wanu. Mutu wawo ukugwira ntchito bwinobwino, choncho wodandaula ndi iwowo." Ndi zoona. Chiyambireni matendawa aliyense amalankhula za agogo iwo ali pompo, madokotala kufunsa gadiyani, abale kufunsana okhaokha.

Kenaka anandifotokozera mmene nkhanizi zimayendera. Sikuti opaleshoni iliyonse imene yavuta ndi mlandu. Makhoti athu anatengera malamulo a ku England, ndipo amatsata muyeso wa mlandu wa Bolam wa m'chaka cha 1957: dokotala salakwa ngati wachita zimene madokotala anzake odziwa ntchito angavomereze kuti n'zoyenera. Munthu wachikulire akhoza kudwala chibayo kapena mtima wake kufooka pambuyo pa opaleshoni popanda wina kulekerera ntchito. Koma kansalu kotsala m'mimba ndi nkhani ina. Ku fiyeta tinsalu, masingano ndi zipangizo zonse zimawerengedwa asanang'ambe munthu, n'kuwerengedwanso asanamusoke. Palibe dokotala angaimirire m'khoti kunena kuti kusiya kansalu mkati ndi njira yovomerezeka. Pepala lovomera opaleshoni limene amalume anasaina, limene akhala akunena kuti linatitsekera njira, silikhululukira kusasamala kwa mtundu umenewu.

Njira zilipo zingapo, ndipo sizifanana. Ku Medical Council of Malawi kumapita madandaulo okhudza madokotala ndi makiliniko ofisa. Iwo angathe kumuimitsa munthu ntchito kapena kuchotsa dzina lake m'kaundula. Za anamwino zimapita ku Nurses and Midwives Council. Kuli ofesi ya Ombudsman, yomva madandaulo okhudza nthambi za boma, imene mu 2019, nthawi ya a Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lokhudza amayi amene anachotsedwa ziberekero m'zipatala za boma. Koma chipukutamisozi chimagamulidwa kukhoti, ndipo kumeneko kuli malire a nthawi: mlandu wa kuvulazidwa m'thupi uyenera kuyambika zaka zitatu zisanathe. Chipatala chikakhala cha boma, wosumiridwa ndi Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndipo amayenera kulandira kaye kalata yochenjeza miyezi itatu mlandu usanalowe. Amene alibe ndalama za loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Ndikulemba zimenezi mwatsatanetsatane chifukwa muwodi muja ndinaona magadiyani ambiri amene palibe anawauzapo ngakhale chimodzi mwa izi.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi mawerengedwe a chipukutamisozi. Khoti limaona ululu umene munthu wamva, zimene ankatha kuchita koma tsopano sangathe, kupunduka kwa thupi, ndalama zimene zawonongeka, ndiponso ndalama zimene akanapeza m'tsogolo akanakhala kuti sanavulale. Pa mfundo yomalizayi m'pamene wachikulire amagwera. Alibe malipiro a pamwezi, alibe pepala losonyeza kuti dimba lake limabweretsa zingati, ndipo zaka zimene zatsala amaziona kuti n'zochepa. Pamwamba pa izo mbali inayo idzanena kuti munthuyu anali wofooka kale, anali ndi BP, mavuto enawa ndi a msinkhu wake. Ndiye kuti mawu omwe aja anawabwezera nawo kunyumba kansalu kali m'mimba, akuti ndi ukalamba, tikakumana nawonso kukhoti. Loya anati n'chifukwa chake lipoti la adokotala amene anachotsa kansalu ndi lofunika kuposa pepala lina lililonse. Anandilangizanso kulemba ndalama iliyonse: matumba a pamimba, thiransipoti, masiku amene amayi ajomba kumsika.

Ine sindikuvomereza kuti zaka zochepa ndi zotsika mtengo. Ngati agogo anatsala ndi zaka zisanu zoyenda okha, kulima ndi kukhala pabwalo ndi anzawo, zisanuzo ndiye chuma chawo chonse. Chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza achikulire, ndipo bungwe la MANEPO lakhala likulankhula za ufulu wawo kwa nthawi yaitali, koma pa benchi ya kuchipatala nkhalamba ikadandaula ululu yankho loyamba likadali lomwelija.

Palinso wachikulire wina amene wavulala ndi nkhaniyi, ngakhale mpeni sunamukhudze. Nthawi imene bala limakana kupola, kumudzi kunayamba manong'onong'o akuti agogo alodzedwa, ndipo chala chinaloza gogo wina wamasiye woyandikana nawo. Ana anasiya kukamutungira madzi. Chithunzi cha ekisileyi chitatuluka ndinachitumiza pa WhatsApp kwa msuweni wanga kuti akaonetse amfumu. Ena anamvetsa, ena mpaka lero akuti kansaluko kanachita kutumizidwa. Anthu akuchipatala akanabwera poyera kunena kuti tinalakwitsa ndife, mayi uja akanayenda momasuka m'mudzi mwake.

Sindikudana ndi madokotala. Ndinagona pansi muwodi, ndinaona namwino mmodzi akuthamanga pakati pa mabedi odzaza usiku wonse. Madokotala a opaleshoni m'dziko muno ndi ochepa, ndipo maopaleshoni ambiri m'maboma amachita ndi makiliniko ofisa. Amene anachotsa kansalu kaja anapulumutsa moyo wa agogo, sindidzawaiwala. Koma kuwerenga tinsalu sikufuna makina odula. Mu 2008 bungwe la WHO linatulutsa ndandanda wa mfundo 19 zoti gulu la ku fiyeta lizifunsana mokweza, ndipo imodzi mwa izo ndi yomweyi ya kuwerenga zipangizo. Atauyesa m'zipatala zisanu ndi zitatu za m'maiko osiyanasiyana, china mwa izo cha ku Ifakara ku Tanzania, imfa za pambuyo pa opaleshoni zinatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 pa anthu 100 alionse. Pepala limodzi ndi mphindi zochepa.

Madzulo amalume anaimba foni. Iwo akuti tizisiye. "Iwe mwana, chipatala chathu ndi chomwechija. Mawa akadwala amayi ako aang'ono tidzapita kuti? Adzatiyang'ana bwanji? Bambo ali moyo, tithokoze Mulungu." Mantha awo ndikuwamvetsa, ndi iwo amene amakhala kumeneko, ine ndili m'tauni. Sindinakangane nawo. Ndinangoika foni pa sipika n'kuitengera kuchipinda.

Ndinawafotokozera agogo zonse monga mmene loya anandiuzira, osabisa kuti milandu yotere imatha kutenga zaka, ndipo mwina chigamulo chidzatuluka iwo kulibe. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa ngati mnyamata amene anawang'amba uja adzamangidwe. Ndinati ayi, uwu si mlandu wa kupolisi. Anafunsanso ngati thumbali lidzachoke, ndinawauza zimene adokotala ananena, kuti akapeza mphamvu adzaona ngati n'kotheka kulumikizanso matumbo.

Kenaka analankhula ndi amalume. "Mwana wanga, ndinakuuzani kuti muli chinthu m'mimba muno, onse munati ndi ukalamba. Tsopano ndikufuna alembe papepala kuti chinalimo, ndipo pepalalo likawerengedwe pabwalo la amfumu, mayi uja ali pomwepo. Za ndalama mudzaona inu."

Amalume anangoti, "Ndamva bambo," koma mawu awo sanali a munthu wokhutira, ndipo ndikudziwa kuti nkhaniyi ibweranso. Kalata yopempha fayilo yonse ya opaleshoni yoyamba, pamodzi ndi zolemba za ku fiyeta, ndailemba usiku uno. Agogo akana kudinda chala, ati anaphunzira kulemba kusukulu ya mishoni ndipo asaina okha. Mawa ndikaijambulitsa, ina ipite kwa mkulu wa chipatala chija, ina ikhale kwa loya, ndipo ndikadutsenso ku famase chifukwa matumba atsala awiri.