Kuphunzira chitetezo cha makompyuta ndi Raspberry Pi

Raspberry Pi ndi kompyuta yathunthu yomwe kukula kwake n'kofanana ndi khadi la ku banki, ndipo imagulitsidwa yopanda chivundikiro, kiyibodi kapena sikirini, moti munthu akaiona koyamba angaganize kuti ndi chidutswa chozulidwa m'wailesi yakufa. Anaipanga ndi a bungwe la Raspberry Pi Foundation ku Cambridge, m'dziko la Britain, pamodzi ndi Eben Upton, ataona kuti achinyamata ofuna kuphunzira za makompyuta pa yunivesite ankafika akudziwa kugwiritsa ntchito makinawa koma osadziwa zimene zimachitika m'kati mwake. Yoyamba inatuluka mu February 2012 pa mtengo wa madola 35 a ku America. Yanga ndi Raspberry Pi 4, mtundu womwe unatuluka mu 2019, ndipo ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito kwa Mmalawi mnzanga wokonza mafoni m'tauni muno mu Johannesburg. Ndimaphunzirira madzulo ndikaweruka ku ntchito, m'chipinda chomwe ndimachita lendi ku Rosettenville.

Ubwino waukulu wa kakompyutaka ndi woti munthu saopa kukaononga. Zonse zimene kamagwiritsa ntchito zimakhala pa kakhadi ka microSD, ndipo zinthu zikasokonekera mumangochotsa kakhadiko n'kulembamo mwatsopano ndi pulogalamu ya Raspberry Pi Imager. Laputopu ya pa banja, yomwe mumakhala makalata ofunsira ntchito ndi zithunzi za mapasipoti a abale, palibe amene angalole kuti muziyeserapo zinthu zomwe simukuzidziwa bwino. Pa Raspberry Pi ndi pomwe ndinazolowera Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, popeza Raspberry Pi OS yomwe imayendetsa kakompyutaka inachokera ku Debian, mtundu wina wa Linux, ndipo ndi pomwe ndinaphunzira kulamula kompyuta polemba mawu m'malo modina zithunzi, kudziwa amene ali ndi ufulu wowerenga kapena kusintha fayilo, ndiponso chifukwa chimene lamulo la sudo, lomwe limapatsa munthu mphamvu zonse pa kompyuta, liyenera kugwiritsidwa ntchito mosamala.

Phunziro lomwe linasintha maganizo anga linadza ndi SSH, njira yolowera mu kompyuta ina muli patali, yomwe kawirikawiri imadikirira pa khomo la nambala 22, limodzi mwa makomo a manambala omwe mauthenga a pa netiweki amalowerapo mu kompyuta. Nditatsimikiza kuti ndatchinga bwino, ndinatsekula khomoli pa rauta, kachipangizo kolumikiza nyumba ku intaneti, mwadala kwa kanthawi kuti ndione amene angabwere, kenako ndinayamba kuwerenga kaundula yemwe kompyuta imasunga, pogwiritsa ntchito lamulo la journalctl. Palibe amene ndinamuuza za kakompyutaka, komabe mizere inayamba kudzaza, usana ndi usiku, ya ofuna kulowa kuchokera ku manambala a intaneti a m'mayiko osiyanasiyana, aliyense akuyesa dzina lakuti root, admin, ubuntu kapena pi. Amenewa sakhala anthu okhala pa mpando akulemba ndi manja, koma mapulogalamu omwe amayendayenda pa intaneti yonse akugogoda pa khomo lililonse lomwe apeza. Apa ndi pomwe ndinasiyira kukhulupirira mawu omwe ambiri a ife timakonda kunena, akuti wosauka alibe chomuopetsa chifukwa alibe chobedwa. Mapulogalamuwa safunsa kuti mwini makina ndani kapena amalandira ndalama zingati pa mwezi. Chimene akufuna ndi makinawo, kuti awagwiritse ntchito poukira ena.

Dzina lakuti pi lili ndi mbiri yake. Kwa zaka pafupifupi khumi, Raspberry Pi iliyonse yatsopano inkayamba ndi dzina limeneli pamodzi ndi mawu achinsinsi akuti raspberry, zomwe aliyense padziko lapansi ankazidziwa, mpaka mu April 2022 pamene opanga anazichotsa kuti wogula aliyense azisankha zake. Kuopsa kwa mawu achinsinsi ochokera ku fakitale kunaonekera poyera mu 2016, pamene pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'makamera ndi m'marauta ambirimbiri pongoyesa mndandanda wa mayina ndi mawu achinsinsi pafupifupi 60. Mu October chaka chomwecho zipangizo zogwidwazo zinathira nkhondo kampani ya Dyn ku America, yomwe inkalondolera makompyuta ku mawebusayiti ambiri, ndipo anthu ambiri analephera kufika pa Twitter ndi Netflix kwa maola angapo. Zimene ndinachita pa kakompyuta kanga ndi zomwe wophunzira aliyense amauzidwa, kungoti tsopano ndinali nditaona ndi maso chifukwa chake. Ndinaletsa kulowa ndi mawu achinsinsi n'kusiya makiyi a SSH okha, omwe ndi mafayilo apadera olowera m'malo mwa mawu achinsinsi, ndinaika fail2ban kuti izitsekera kunja aliyense wolephera kulowa kangapo motsatizana, ndipo ndinatseka makomo onse osafunika ndi pulogalamu yotchinga ya ufw.

Achinyamata ena omwe timacheza nawo za makompyuta amafuna kuyamba ndi Kali Linux, Linux yodzaza ndi zida zoyesera chitetezo yomwe imagwiranso ntchito pa Raspberry Pi, chifukwa amva kuti ndi imene akatswiri othyola makompyuta amagwiritsa ntchito. Ine sindigwirizana nawo, ngakhale ndikumvetsa chidwi chawo. Munthu yemwe sadziwa kuti nambala ya IP (adiresi ya makina pa netiweki) n'chiyani, kapena kusiyana kwa TCP ndi UDP (njira ziwiri zotumizira mauthenga pa netiweki), akapatsidwa zida mazanamazana amangokopera malamulo a eni ake, ndipo zotsatira zikatuluka sadziwa tanthauzo lake. Kwa ine Nmap yokha, pulogalamu yomwe Gordon Lyon anatulutsa mu 1997 yoonera makomo otsekuka pa netiweki, inandipatsa ntchito yokwanira miyezi ingapo, chifukwa khomo lililonse lomwe inapeza linkandikakamiza kufufuza pulogalamu yomwe ili kuseri kwake komanso ngati ikufunikadi.

Pamenepa pali nkhani ya malamulo yomwe ife alendo m'dziko lino tiyenera kuisamala kwambiri. Lamulo la South Africa lotchedwa Cybercrimes Act la 2020, lomwe mbali zake zambiri zinayamba kugwira ntchito pa 1 December 2021, limanena kuti kulowa mu kompyuta ya wina kapena kutchera mauthenga ake popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kwathu ku Malawi kulinso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Vuto lathu ndi lakuti m'nyumba zambiri za lendi anthu angapo amasonkherana ndalama ya intaneti imodzi, choncho mafoni a anansi amakhala pa netiweki yomweyo ndi yanu. Kupatsidwa mawu achinsinsi a Wi-Fi sikutanthauza kuti mwaloledwa kusuzumira m'foni ya mnzanu. N'chifukwa chake ndinagula rauta yakale yotsika mtengo n'kupanga netiweki yangayanga, yomwe pamakhala Raspberry Pi ndi foni yanga yakale basi, ndipo zoyesera zonse za Nmap ndi Wireshark, pulogalamu yoonera mauthenga odutsa pa netiweki, zimathera pamenepo.

Magetsi nawonso andiphunzitsa mbali ya chitetezo yomwe ambiri saiwerengera. Kakhadi ka microSD kamatha kuonongeka ngati magetsi azima mwadzidzidzi kompyuta ili m'kati molemba, ndipo wokhala mu Johannesburg aliyense akudziwa kuti kuzima kwa magetsi si nkhani yachilendo. Ndinazolowera kukopera zonse za pa kakhadiko n'kuzisunga padera, kenako n'kuyesa kuzibwezeretsa kuti nditsimikize kuti zosungidwazo zikugwiradi ntchito. Makampani akuluakulu amachitanso zomwezi podziteteza ku mapulogalamu omwe amatseka mafayilo kuti mwini alipire dipo, ngati imene inagwira City Power, kampani ya magetsi ya Johannesburg, mu July 2019 n'kulepheretsa anthu ambiri a mumzinda uno kugula mayunitsi a magetsi.

Kakompyutaka kali ndi malire ake, chifukwa purosesa yake ndi ya mtundu wa ARM, pamene makompyuta ambiri a m'maofesi amagwiritsa ntchito ya Intel kapena AMD, ndipo zoyesera zina zokhudza Windows zimafuna laputopu yamphamvu yomwe panopa sindingakwanitse kugula. Pakadali pano ndaika Pi-hole, pulogalamu yotchinga zotsatsa malonda yomwe imalemba mayina a maseva omwe zipangizo zimafunsa, pa netiweki yanga yoyesera ija, ndipo ndikuwerenga mayina a maseva omwe foni yanga yakale imafunsa usiku wonse pamene palibe amene akuigwira, kuti ndidziwe pulogalamu yomwe imatumiza funso lililonse.