0x0 sikutanthauza kuti restore point yapangidwa

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa nkhani ya restore point (chithunzi cha mmene Windows inalili, chimene mumabwererako zinthu zikasokonekera) yodzipanga yokha mu Windows, ndipo chimene chimatizunguza ambirife ndi nambala imodzi basi, 1440. Za kuyatsa System Protection, mbali ya Windows yosunga ma point amenewa, sinditayapo nthawi, bola muonetsetse kuti pa C: palembedwa On, chifukwa makina ambiri a Windows 10 ndi 11 amabwera ili yozimitsa. Nkhani ili pa zimene zimachitika mukakonza task yanu mu Task Scheduler, pulogalamu ya Windows yoyendetsa ntchito pa nthawi imene mwaika, n'kuiyendetsa: pa Last Run Result pamaoneka 0x0, chizindikiro chakuti task yatha popanda vuto, inu n'kumati zatheka, pomwe restore point palibe.

Kuyambira pa Windows 8, pulogalamu ikapempha kuti papangidwe restore point, Windows imayamba yayang'ana ngati pali ina imene yapangidwa m'mphindi 1440 zapitazo, amene ndi maola 24. Ikaipeza, pempholo imangolidumpha mwakachetechete. PowerShell, pulogalamu imene task imayendetseramo komandi yanu, imalemba kachenjezo ka zilembo zachikasu n'kutseka bwinobwino, ndiye Task Scheduler imangoona kuti powershell.exe yatseguka n'kutsekeka popanda chovuta, n'kulemba 0x0. Zili ngati mwana amene mwamutuma mchere kugolosale n'kubwerako ali gwa: kubwerako si kugula. Kachenjezo kachikasuko simukaona n'komwe popeza task ikuyenda kuseri, palibe windo yotseguka. Chopusitsa kwambiri n'chakuti batani la Create la pa System Protection silimangidwa ndi lamuloli. Mukadina pamanja zimatheka nthawi ina iliyonse, ndiye munthu amayamba kukayikira komandi yake, kuifufuta, kuilembanso, pomwe komandiyo ilibe mlandu.

Mukangomvetsa zimenezi, zinthu zina zodabwitsa zimayamba kulongosoka zokha. Tiyerekeze kuti task mwaiika kuti iziyenda tsiku lililonse 8 koloko m'mawa. Lolemba yayenda, ndipo point yalembedwa patapita masekondi angapo 8 koloko itakwana, chifukwa kupanga kumatenga kanthawi. Lachiwiri 8 koloko yeniyeni task yadzukanso, koma mphindi 1440 sizinakwane, kwatsala masekondi ochepa omwe aja. Windows yadumpha. Lachitatu yatheka, Lachinayi yadumphanso. N'chifukwa chake ena amapeza ma point a masiku odumphadumpha n'kumaganiza kuti kompyuta ili ndi vairasi. China choopsa kuposa pamenepa: point yanu ya m'mawa ikhoza kutsekereza imene pulogalamu ina ikanapanga masana isanaike dalaivala wa pirinta kapena wa modemu. Ndiye kuti pofuna kudziteteza mwadzichotsera point imene inali yofunika kwambiri tsiku limenelo.

Mankhwala ake ali mu registry, nkhokwe imene Windows imasungamo ma settings ake, pa HKLM\SOFTWARE\Microsoft\Windows NT\CurrentVersion\SystemRestore. Pamafunika nambala ya mtundu wa DWORD ya 32-bit yotchedwa SystemRestorePointCreationFrequency, ndipo musavutike kuifunafuna, siikhalapo mpaka mutaipanga nokha. Mu Command Prompt yotsegulidwa ngati administrator lembani:

reg add "HKLM\SOFTWARE\Microsoft\Windows NT\CurrentVersion\SystemRestore" /v SystemRestorePointCreationFrequency /t REG_DWORD /d 0 /f

Nambala ya pa /d ndi mphindi. Mukaika 0, Windows siidumphanso pempho lililonse. Mukaika 240, imadikira maola 4. Amene mumakonda kudutsira mu regedit, pulogalamu yosinthira registry, samalani ndi kabokosi kolembamo nambala, kamatseguka kali pa Hexadecimal. Mukalemba 240 osasankha Decimal, mwaika mphindi 576, ndipo mudzadabwa chifukwa chake ma point akuchedwa. Pa 0 palibe kusiyana.

Task yeniyeniyo ipangeni ndi Create Task, osati Create Basic Task, popeza ya Basic imabisa zimene tikuzifunazo. Pa General sinthani user akhale SYSTEM n'kuchonga Run with highest privileges, kupanda apo komandi imakanidwa chilolezo. Pa Actions, pulogalamu ndi powershell.exe, ndipo m'bokosi la arguments mulowe izi:

-ExecutionPolicy Bypass -Command "Checkpoint-Computer -Description 'Yodzipanga' -RestorePointType 'MODIFY_SETTINGS'"

Ikhale powershell.exe yobwera ndi Windows ija ya 5.1, osati pwsh.exe ya PowerShell 7, chifukwa Checkpoint-Computer kwawo ndi ku 5.1.

Pamene pamagwera ife a kuno ku Mzuzu ndi pa Conditions. Pali kabokosi kolembedwa Start the task only if the computer is on AC power, ndipo kamabwera kochonga kale, ndi kanzake kamene kamaimitsa task laputopu ikangoyamba kugwiritsa batire. Wophunzira amene amatchaja laputopu kusukulu masana n'kukaitsegula usiku ku Luwinga kapena ku Chibavi magetsi atazima, task yake siidzayenda ngakhale komandi ndi registry zili bwino. Chotsani chongi pa mabokosi onse awiri. Pa Settings chongani Run task as soon as possible after a scheduled start is missed, kuti ngati 8 koloko inakwana kompyuta ili yozima, izigwira ntchitoyo ikangoyaka.

Trigger (chimene chimayambitsa task) ya At startup nayo ili ndi kamsampha kake, Fast Startup. Ikakhala yoyatsa, kudina Shut down sikuzimitsa Windows yonse. Mbali ina imangosungidwa pa disiki n'kudzutsidwa mukayatsanso, ndiye Task Scheduler siiona ngati kompyuta yayamba kumene. Restart yokha, kapena kuzima kwadzidzidzi, ndi kumene kumaiyambitsa kuchokera pansi. Choncho desikitopu ya m'shopu yosindikiza mapepala yopanda UPS (batire yosungira mphamvu magetsi akazima), imene imazima limodzi ndi magetsi, imapanga ma point ambiri, pomwe laputopu yozimitsidwa mwaulemu siipanga olo imodzi. Pa laputopu ndi bwino trigger ya At log on kapena ya Daily. Ikani Delay task for ya mphindi 5 kapena 10, makamaka pa hard disk yozungulira, kuti makina ayambe apuma.

Ine ndimaona kuti njira imeneyi, Task Scheduler ndi mzere umodzi wa PowerShell, palibe yoiposa, ndipo sindiona chifukwa choonongera bandulo kudawunilodi timapulogalamu tolonjeza kukuchitirani zomwezi. Timapulogalamuto timapemphanso kwa Windows yomweyo, ndipo lamulo la 1440 limatigwiranso ngati sitinasinthe registry, kungoti simudziwa zimene tasintha. Windows ili ndi task yakeyake yotchedwa SR pansi pa Microsoft\Windows\SystemRestore, koma imayenda pa nthawi yake, osati yanu. Za komandi ya wmic zimene zili m'manotsi akale zisiyeni, Microsoft ikuichotsa mu Windows 11. Amene wadziwa task imodzi iyi wadziwa theka la ntchito ya Task Scheduler, mwinanso kuposa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti m'kalasi mutu umenewu umatha m'mphindi zochepa. Aphunzitsi amaonetsa batani la Create, aliyense n'kudina, uthenga wakuti zatheka n'kutuluka, basi tapita pa mutu wina. Pa mayeso funso limakhala lakuti tchulani ubwino wa System Restore, ndipo munthu amakhoza bwino asanaonepo Get-ComputerRestorePoint. Komatu komandi imeneyi ndiye mboni yeniyeni: imaonetsa nambala ya point, dzina lake ndi nthawi imene inapangidwa. Ngati Yodzipanga sikuoneka pa mndandandawo, za 0x0 ziiwaleni. Sindikuwada aphunzitsiwo kwenikweni. Kuti munthu aone lamulo la maola 24 likugwira ntchito pamafunika chilolezo cha administrator, pomwe mu labu mumakhala anthu angapo pa makina amodzi, okhomedwanso ndi pasiwedi. Koma akanangotchula nambalayo olo kamodzi.

Malo pa disiki ndi nkhani ina yosafunika kuidumpha. Ma point amakhala mu foda yobisika ya System Volume Information pa disiki yomweyo, ndipo Volume Shadow Copy imasunga zokhazo zimene zasintha kuchokera pamene point inapangidwa. Ndiye chimene chimadya malo kwambiri ndi kuchuluka kwa zosintha: update imodzi yaikulu imatha kudzaza malire n'kukankha ma point akale onse. Onani ndi vssadmin list shadowstorage. Pa SSD ya 128 GB, 5% ndi pafupifupi 6 GB basi; ngati malo alipo kwezani ndi vssadmin resize shadowstorage /for=C: /on=C: /maxsize=10%. Pa Windows 11 24H2, kuchokera pa update ya June 2025, point siikhala kupitirira masiku 60 ngakhale malo atakhalapo. Ndipo disiki ikafa, ma point amafera limodzi nayo. Asainimenti yanu ya mu Documents System Restore siibweza, imeneyo ndi ntchito ya fulashi kapena disiki ina.

Pamene mutu wanga sunagwirebe chimodzi ndi pa desikitopu ija yozima ndi magetsi. Ndikaika 0 ndi At startup, point imapangidwa Windows itangodzuka kuchokera pa kuzima kwadzidzidzi, nthawi imene mafayilo ena akhoza kukhala ataonongeka kale, ndipo tsiku la magetsi obwerabwera mndandanda umadzaza ndi ma point otere. Ndikaika 240 ndimachepetsa zimenezo, koma ndatsegulanso mpata woti point ya dalaivala idumphidwe. Pakadali pano ndikupendekera ku 0 ndi trigger ya Daily ya masana, At startup n'kuisiya, ngakhale kwa shopu imene imayatsa makina pokhapokha kasitomala akabwera sindinganene motsimikiza kuti imeneyo ndiye yabwino.