Mmene tinapezera ndalama zotetezera nkhalango ya pakasupe

Pempho lathu loyamba linakanidwa ndi kalata ya mizere iwiri yokha. Ine ndinali mlembi wa gulu, ndipo masamba onse aja ndinalemba ndine, choncho zinandiwawa. Nditaliwerenganso mtima utakhala pansi, ndinaona pomwe tinalakwitsa. Tinkafuna kubzala mitengo mozungulira kasupe, kumanga mpanda pamanda akale omwe ali m'nkhalangomo, komanso kujambula mawu a akuluakulu ofotokoza mbiri ya malowo, zonse m'pempho limodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Opereka thandizo aliyense ali ndi mbali yake. Small Grants Programme ya GEF (thumba la ndalama la mayiko lothandiza pa zachilengedwe), yomwe inayamba mu 1992 pansi pa UNDP (nthambi ya bungwe la United Nations yoona za chitukuko), imathandiza magulu a m'madera pa zachilengedwe, ndipo kwa zaka zambiri malire ake anali madola 50,000 pa ntchito imodzi. Ambassadors Fund for Cultural Preservation ya boma la America, yomwe inayamba mu 2001, imayang'ana nyumba zakale, malo a mbiri ndi zinthu zachikhalidwe. Endangered Archives Programme ya British Library, kuyambira 2004, imapulumutsa zolemba, zithunzi ndi matepi zomwe zikuwonongeka. Titamvetsa izi, tinagwirizana kuyamba ndi mitengo ndi madzi, chifukwa kasupe ndiye anali atayamba kuphwa. Za mpanda ndi mawu a akuluakulu tinaziika padera, ngakhale ena m'gulu sanakondwe nazo.

Tisanalembenso, tinakonza za m'nyumba mwathu. Tinalembetsa gulu, tinalemba malamulo ake, tinatsegula akaunti kubanki yoti ndalama isatuluke popanda anthu awiri kusainira. Chinatenga nthawi kwambiri ndi kalata ya eni malo yovomereza kuti tigwirepo ntchito. Poyamba ndinkaiona ngati yongotitayitsa nthawi, koma ndi pepala lomwe opereka thandizo anayamba kulifunsa.

Bungwe lomwe tinapemphako linafuna kaye chidule cha masamba ochepa, kenako pempho lonse. Pa bajeti ndi pomwe ndinaphunzira zambiri. Pali mzere wofunsa kuti gulu lenilo likuikapo chiyani. Ndinatsala pang'ono kulemba kuti tilibe kalikonse, koma msungichuma wathu anandigwira mkono. Anatenga kope, nawerengera anthu omwe amabwera kudzalambula njira zotchinga moto, masiku omwe amagwira, makasu ndi mawilibala athu, ngakhalenso malo a nazale omwe membala wina anapereka ulere. Zonsezo tinaziika pamtengo wake, ndipo zinatuluka ndalama zooneka ndithu. Thukuta la anthu limawerengedwa, bola likhale lolembedwa ndi mayina ndi masiku ake.

Ndinasiyanso mawu okuluwika. Pomwe ndinalemba kale kuti tidzabwezeretsa chilengedwe, tsopano ndinalemba mitundu ya mitengo yachilengedwe yomwe tidzafese, kuchuluka kwake, amene adzathirire, ndi mwezi womwe tidzawerenge yomwe yagwira.

Atabwera kudzaona malowo, mayi yemwe anatumidwa ndi bungwelo sanafune kumva kwa ine kapena wapampando. Anapita kukaima ndi amayi omwe amatunga madzi pakasupepo, nawafunsa kuti ntchito imeneyi akuidziwa bwanji, ndiponso kuti ndalama zikadzatha ndani adzaletse anthu kudula mitengo. Mmodzi anamulozera chitsa chatsopano, madzi ake akadali kuchucha, nati amene anadula tikumudziwa ndipo takambirana naye kale. Ndikhulupirira kuti yankho limenelo linatithandiza kuposa tsamba lililonse lomwe ndinalemba.

Ndalama sizinabwere zonse pakamodzi. Gawo lachiwiri limadikira lipoti la gawo loyamba, ndi malisiti ake onse. Lisiti imodzi ya machubu a nazale inanyowa m'thumba mwanga mpaka inki kufufutika, ndipo ndinayenda ulendo kawiri kukapempha ina kwa wogulitsa. Kuyambira pamenepo lisiti iliyonse ndimaijambula pafoni ndisanachoke pamalo pomwe ndagulira, kenako n'kuimata m'kope la msungichuma.

Pempho la mawu a akuluakulu ndayamba kulilemba sabata ino, lopita kwina. Awiri mwa omwe tinkafuna kuwajambula anamwalira tikudikira, ndiye otsalawo tayamba kale kuwajambula ndi foni yomweyo.