Sabata ya makabureta otsekeka

Mafuta akangosowa m'mafilingi sitesheni, ife kugalaja timadziwiratu chomwe chikubwera. Anthu amathamangira petulo wa m'zigubu, wothiridwa ndi fanulo yomwe yagona pafumbi, ndipo posakhalitsa njinga za kabaza zimayamba kufika chokankha.

Lolemba kunabwera mnyamata wina akudandaula kuti njinga ikumazima akangoima pamphambano. Nditamasula kambale ka pansi pa kabureta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, ndinapeza matope ofiirira, ndipo pilot jet, yomwe imadutsitsa mafuta injini ikamalira njinga itaima, kabowo kake kochepa ngati kunsonga kwa singano, inali itatsekeka. Mnyamatayo anati, "Madala, bwanji mungondiyikira kafyuluta papaipi?" Ndinavomera, koma osati iliyonse. Njinga zimenezi zilibe pampu, mafuta amangotsika okha kuchoka m'thanki. Mukaika fyuluta yaikulu ya galimoto ya pepala lothina, mafuta amadutsa mochedwa, kambale kamauma, ndiye pachitunda mutanyamula kasitomala ndi thumba la chimanga injini imatsamwa. Ndinamuyikira kakang'ono koonekera mkati, muvi wake utaloza kukabureta, paipi ikutsika osakhota kubwerera m'mwamba. Ndinatsukanso kasefa ka pa kampopi ka thanki, kamene ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali za matcheni ndi mabuleki basi.

Ntchito yomwe inanditulutsa thukuta ndi ya Lachinayi. Bambo wina wachikulire amene amanyamula tomato ku Ntcheu anabwera ndi Nissan 1400 yake itavekedwa mafyuluta awiri motsatizana, onse ofiira ndi dzimbiri. Ankafuna fyuluta yachitatu. Ndinati, "Bambo, vuto lili m'thanki, mungomaliza ndalama." Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Galimoto ikamakhalira kuyenda ndi malita atatu, mkati mwa thanki mumachita thukuta, madzi amakhazikika pansi, chitsulo n'kuyamba kudyeka. Fyuluta wamba imagwira zinyalala, koma madzi amadutsa ndithu. Mapaipi akale a labala nawonso amafumbutuka mkati, ndipo tizidutswa tomwe tachoka pakati pa fyuluta ndi kabureta timakakola pa needle valve, kasingano kotseka mafuta kambale kakadzaza, kabureta n'kumasefukira.

Anang'ung'udza, koma analola. Tinatsitsa thanki, zomwe zinatulukamo anaziona yekha mubeseni ndipo sananenenso kanthu. Titatsuka ndi kuumitsa, tinasintha mapaipi n'kusiya fyuluta imodzi yokha, pakati pa thanki ndi pampu, kuti iteteze pampu ndi kabureta yomwe. Ndinaiyika kutali ndi ekizozi. Ndaonapo zina zitalendewera pamwamba pa manifold, chitsulo chotentha chotulukira utsi painjini, pulasitiki itayamba kufewa, mwini wake ali phee.

Loweruka m'mawa wina anabwera ndi galimoto ya fuel injection, yopanda kabureta, kafyuluta ka pulasitiki kogula pamsika kali m'manja, akuti mnzake wa kabaza wamuuza kuti n'kothandiza. Ameneyu ndinamukanira. Pampu ya galimoto ya kabureta sifika ngakhale theka la bar imodzi (muyeso wa mphamvu yokankhira mafuta), pomwe ya injection imakankha pafupifupi ma bar atatu. Kapulasitiki kameneko kakhoza kuphulika n'kuwaza petulo painjini yotentha. Anachoka atakwiya, akuti akayikitsa kwina.