Agogo, kachewere ndi kamera ya pansi pa mpichesi

Agogo anga a ku Bembeke ndawajambula kwa zaka zambiri, koma zithunzi zonsezo nkhope yake ndi imodzi. Akangoona kamera amadzambatuka, kukonza duku, manja m'mbali, pakamwa tseke, ngati mmene anaimira pojambulitsa chiphaso cha unzika mu 2017. Agogo amene ndimawadziwa ine, oseka mpaka misozi akamasimba za utsikana wawo, sanapezekepo pa chithunzi n'chimodzi chomwe. Zimenezi zinkandiwawa, chifukwa zaka zapita ndipo mphamvu zikuchepa.

M'mawa wina wa June ndinapita ndi Canon EOS 2000D imene ndimajambulira maukwati ndi zinkhoswe pa boma pano. Kamerayi ili ndi Wi-Fi yakeyake. Ukaika pulogalamu ya Camera Connect m'foni, foniyo imalumikizana ndi kamera mwachindunji, ndipo zimene lensi ikuona nawe umaziona m'manja mwako. Ambiri amandifunsa za bandulo. Sipafunika bandulo ayi. Ine data ndimachita kuzimitsa, chifukwa foni yanga ikaona kuti Wi-Fi ya kamera ilibe intaneti imaisiya n'kubwerera ku netiweki, chithunzi n'kuzimirira.

Ndinaimika kamera pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, pansi pa mpichesi, mapazi asanu ndi limodzi kuchoka pakhonde. Pali ziwiri zofunika kukonza ndi dzanja usanachokepo, poti foni singazisinthe: kagudumu ka pamwamba kakhale pa M kuti zonse uzisankha wekha, kabatani ka pa lensi kakhale pa AF kuti lensi izipeza fokasi yokha. Kenako ndinakakhala pamphasa pambali pa agogo, amene ankasankha kachewere, wa mbewu uku, wopita ku Lizulu uku.

"Agogo, kamera ijatu ikujambula."

"Ijambule, mwanawe. Ine ndili pa ntchito."

Ndinawauziratu dala. Kujambula munthu mobera sindigwirizana nako, kaya ndi agogo ako kaya ndi mlendo pamsika. Chimene ndinkafuna n'chakuti nkhope yanga isabisike kuseri kwa chitsulo, tizicheza tikuyang'anana.

Nkhungu inali isanachoke, kuwala kuli kochepa. Ndi chala chamanthu ndinakweza ISO, imene imawalitsa chithunzi, kuchoka pa 100 kufika pa 800, khomo la kuwala la lensi ndinalitsekula pa f/5.6, shutter, nthawi imene kuwala kumalowa, ndinaiika pa 1/250 ya sekondi kuti manja awo asaoneke mwachimbuuzi akamaponya kachewere m'dengu. Poyamba fokasi inagwira dengulo, poti ndi lomwe linali kutsogolo. Ndinagunda pa sikirini pamene panali diso lawo, lensi n'kulira pang'ono uko pansi pa mtengo, makwinya a m'mbali mwa maso n'kutuluka onse bwinobwino. Ichi ndicho chinandigwira mtima: kusankha diso la munthu amene wakhala naye phewa ndi phewa, kamera ili patali.

Si zonse zimayenda myaa. Chithunzi cha pafoni chimatsalira pang'ono, ndipo kamerayi ikamaonetsa pa sikirini imafufuza fokasi mochedwa. Amuna ovina ngoma sungawagwire motere, ukamadina iwo aponda kale kwina. Njirayi ndi ya munthu wokhala pansi, kapena malo amdima ngati m'mapanga a Chongoni, kumene zojambula zamakedzana zimafuna shutter yochedwa ndipo kungokhudza kamera chithunzi chimagwedera. Batire nayonso imatha msanga. Wi-Fi ikudya, kuzizira kwa Dedza kukudyanso, n'chifukwa chake yapadera ndimaisunga m'thumba la m'kati mwa jekete kuti izifunda.

Patapita kanthawi agogo anaiwalako za kamera. Ndinawafunsa za tsiku limene agogo aamuna anabwera kudzafunsira mbeta atabwereka njinga yopanda mabuleki. Anasiya kachewere, anaomba m'manja, mutu chagada, phwete! Foni inali pabondo panga. Ndinadina kanayi osayang'ana pansi.

Chachitatucho ndi chimene ndinakachapitsa. Duku lapendekeka, zala zili ndi dothi, mano awiri otsalawo ali poyera. Ndisanachoke ndinachikokera m'foni n'kuwaonetsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchiyandikiza kumaso, kenako anati, "Awatu ndi amayi anga." Anaitana azakhali kukhitchini kuti nawo adzaone, nsima n'kutsala yokha pamoto.