Zitenje za Mayi ndi Kufiira kwa Msasa

Mayi anga atamwalira, achibale anagawana zovala zawo monga mwa mwambo, ndipo zitenje zabwinozabwino zinapita kwa azakhali ndi achemwali anga, koma pansi pa sutikesi panatsala zitenje 17 zimene zinali zitasuluka, zina zitang'ambika m'mphepete, zina zili ndi timabowo ta mbaliwali za pa mbaula. Palibe amene anazifuna, choncho ndinazitenga ine, popeza m'banja mwathu ndine ndekha amene ndinatengera bambo ntchito ya singano. Zinakhala m'kabati zaka zitatu ndisanalimbe mtima woziika lumo. Chimene chinandichititsa kuzitulutsa kuti ndisoke nazo chofunda cha zigamba ndi chisanu cha chaka chino, pakuti Harare ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500, ndipo amene anagonapo kuno mu Juni kapena Julayi amadziwa kuti bulangeti limodzi silikwanira.

Bambo anachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury, ndipo anakhala telala pakhonde la sitolo ina ku Highfield mpaka maso awo anayamba kuchita chidima. Makina awo a Singer opalasa ndi mapazi ndi amene ndikusokera mpaka lero. Magetsi akathima, anzanga amene anagula makina amakono amakhala manja lende kudikira usiku, pamene ine ndimangothira kadontho ka mafuta, kumangitsa lamba, n'kupitiriza ntchito pafupi ndi zenera. Tizidutswa totsala pa nsalu za makasitomala bambo ankatiponya m'thumba la ufa, ndipo mayi ankatilumikiza madzulo n'kutipangira zofunda. Tili ana tinkachita nazo manyazi zofundazo, moti alendo akabwera tinkazibisa kuseri kwa chitseko, osadziwa kuti kumayiko ena anthu amachitira mipikisano ntchito yomweyo.

Chofunda cha zigamba chimakhala ndi magawo atatu: nsalu yapamwamba yolumikizalumikiza, thonje lapakati lobweretsa kutentha, ndi nsalu yapansi, ndipo zitatuzi zimagwirizanitsidwa ndi misoko ing'onoing'ono yodutsa ponseponse kuti thonje lisaunjikane mbali imodzi pochapa. Ndinasankha kalumikizidwe kotchedwa Log Cabin, kamene kanatchuka ku America m'zaka za m'ma 1860, chifukwa kamafuna timizere topyapyala, ndipo pa chitenje chakale munthu amatha kulambalala pobooka n'kupezabe timizere tambiri. Nsalu yapamwamba imapangidwa ndi zigawo zofanana zooneka ngati mabokosi, ndipo pakati pa bokosi lililonse pamakhala kansalu ka masentimita 6 mbali zonse, ndipo kuzungulira pamenepo ndimasokerera timizere 12 ta masentimita 4, mbali ina towala, mbali ina toderapo, kufikira bokosilo litakwana masentimita 30. Bedi langa likufuna mabokosi 42, kutanthauza tizidutswa 546. Msoko uliwonse umadya mamilimita 6, ndipo munthu akamalakwitsa ndi milimita imodzi yokha pa msoko uliwonse, pofika kumapeto kwa mzere wa mabokosi 6 amapeza kuti chofunda chapotoka ndi masentimita angapo. Pachifukwa ichi ndimasita msoko uliwonse ndisanasoke wotsatira, ngakhale kuti kuyatsa makala a nsimbi chifukwa cha kamzere kamodzi kumaoneka ngati kusowa chochita.

Vuto linabuka pa kansalu kapakati. Mwa chizolowezi cha kalumikizidwe kameneka kansaluko kamakhala kofiira, kuimira moto wa pakhomo, ndipo ganizo limeneli linandikhudza chifukwa mayi ndimawakumbukira atakhala pamafuwa kuposa pena paliponse. Koma mayi ankakonda mitundu ya mtambo, ya masamba ndi ya dothi, moti pa zitenje 17 zija panalibe chofiira ngakhale chimodzi. Ndinayenda m'masitolo a nsalu m'tauni, kumene anzathu a Chishona chitenje amachitcha zambia, koma zofiira zonse zimene ndinapeza zinali zolalata ngati tomato wa pamsika, ndipo nditaziika pambali pa nsalu zosuluka za mayi zinkaoneka ngati mlendo wovala suti pa dambwe.

Kufiira kumene ndinkafuna ndinakuona kumayambiriro kwa Seputembala ku Mukuvisi Woodlands, nkhalango yachilengedwe imene inasungidwa mkati mwa mzinda momwemo. Ndinapita ndi mdzukulu wanga wamkazi, amene cholinga chake chinali kukaona nyamalikiti ndi mbidzi, ndipo tinaziona ndithu, pamodzi ndi nswala zimene zinkadya mosatekeseka ngakhale phokoso la magalimoto linkamveka chapafupi. Koma mwanayo atakweza maso anandigwira mkono n'kufunsa kuti, “Agogo, kodi mitengo iyi yapsa?” Inali mitengo ya msasa itangophuka. Mtengo umenewu umayoyola masamba kumapeto kwa chisanu, kenako umatulutsa atsopano mvula isanagwe n'dontho lomwe, ndipo masamba anthetewo amayamba ali ofiira chifukwa mankhwala obiriwitsa tsamba amakhala asanachuluke, pamene mankhwala ofiirawo amawateteza ku dzuwa. Palibe mitengo iwiri imene inali yofanana, pakuti wina unali ngati chiwindi, wina ngati mkuwa, wina ngati uchi, wina ngati katondo wonyowa. Patangopita masabata ochepa yonse imasanduka yobiriwira, choncho sabata yotsatira ndinabwererako ndekha nditanyamula chitini cha ulusi wakale wa bambo, n'kumayerekeza ulusi uliwonse ndi masamba mpaka nditapeza umodzi wogwirizana ndi mtengo wa mtundu wa katondo. Ndinadulako kachidutswa n'kumangirira pa chogwirira cha chikwama changa, kuti kulikonse kumene ndingaone nsalu ndizitha kuyesa.

Pamene ndinkadikira, ndinapitiriza kudula timizere, ndipo apa ndi pamene amphaka anga awiri amalowerera nkhaniyi. Phulusa ndi wamkazi, wachikulire, ndipo ulemu wake ndi wakuti amadikira nsalu isitidwe kaye kenako n'kugonapo ikadali yofunda. Mkute ndi wamphongo, ndinamutola ali kamwana kuseri kwa nyumba akunyambita mphika, ndipo iyeyu ndi mdani wa dongosolo. Tsiku lina ndinayala timizere tonse pamphasa kuti ndione mmene mitundu ikuyendera kuchokera kowala kupita koderapo, ntchito imene inanditengera m'mawa wonse, koma nditangopita kukatereka madzi a tiyi ndinabwerera n'kupeza zonse zili mbwee mpaka pansi pa bedi. Kuyambira tsiku limenelo ndimajambula ndi foni chilichonse chimene ndayala ndisanatuluke m'chipinda. Chimene sindichitira nthabwala ndi ulusi. Lilime la mphaka lili ndi timinga toloza kukhosi, moti akayamba kutafuna ulusi amalephera kuulavula, ndipo ulusi womezedwa ukhoza kucheka matumbo, makamaka ngati kumapeto kwake kuli singano. Singano zanga zonse zimagona m'chitini chotseka, ndipo madzulo aliwonse ndimasesa pansi pa makina.

Alipo ena mumpingo mwathu amene amandiyang'ana chammbali akamva kuti mayi wamasiye akugona ndi amphaka m'nyumba, ndipo sindivutika kuwayankha, popeza makoswe amene amaboola nsalu zawo kwanga safika. Dandaulo langa pa Mkute ndi lina. Pa mpanda wa kuseri pamakhala gulo wa mutu wobiriwira ngati mtambo amene amagwedeza mutu dzuwa likamatuluka, ndipo mumtengo wa mapeyala mumatera apumbwa ndi njiwa. Nditapeza nthenga pakhonde kawiri konse ndinamumangirira Mkute kabelu m'khosi, ndipo m'mawa, mbalame zikamatsikira pansi kudzadya, ndimamutsekera m'nyumba ngakhale alire chotani.

Kumapeto kwa Seputembala tinapita ku Domboshava, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzinda, kumene kuli thanthwe lalikulu limene dzina lake m'Chishona limatanthauza mwala wofiira. Ndere zouma zimene zamera pathanthwepo zalipaka mitundu yofiirira, yachikasu ndi yobiriwira motuwa, ndipo kuphanga kuli zithunzi za nyama ndi anthu zimene alenje akale anajambula ndi dothi lofiira. Ndinaima nthawi yaitali pamenepo ndikukumbukira bambo, amene ankatisimbira za mapanga a ku Chongoni kwawo ku Dedza, kumene kulinso zojambula zofiira zimene amati ndi za Akafula, pambali pa zoyera za makolo athu Achewa. Malo a ku Chongoniwo anaikidwa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, bambo atapita kale. Ndinayesa kaulusi kanga patali ndi khoma la phangalo, osalikhudza, ndipo mtundu wake sunasiyane kwenikweni ndi wa zithunzizo.

Nsalu yeniyeniyo ndinakaipeza ku Malawi mu Okutobala, pamene ndinapita ku ukwati wa mwana wa achimwene anga ku Blantyre. Ulendo wa pabasi ndi wa makilomita pafupifupi 600, kudzera pachipata cha Nyamapanda, kudutsa dziko la Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zóbuè ndi Mwanza. Mwezi umenewu chigwa cha Tete chimatentha ngati ng'anjo, ndipo malambe amakhala ataima opanda tsamba pakati pa mbuzi ndi matumba a makala a m'mphepete mwa msewu. Tikuwoloka mtsinje ndinamva kulira kwa nkhwazi, koma pamene ndinkasuzumira pazenera inali itazimirira kale. Ukwati utatha ndinakhala tsiku lathunthu ku Limbe ndikuyenda sitolo ndi sitolo, kaulusi kanga kali m'manja, mpaka mayi wina wogulitsa zitenje anatopa nane n'kunena kuti, “Mayi, nsalu yatsopano siikhala choncho ayi. Mtundu umenewo ndi wa chinthu chimene chachapidwapo kambirimbiri. Tapitani pa kaunjika.” Ananena zoona. Pa mulu wachitatu ndinavundukula malaya aakulu achimuna, ofiira mwa katondo, kolala yake itatha koma msana ndi manja zili bwinobwino. Ndinaseka ndekha pozindikira kuti ndawoloka malire awiri kudzagula chinthu chimene mwina chinali pa mulu wa kaunjika pamsika wa Mupedzanhamo, ku Mbare mu Harare momwemuno.

Ndisanadule ndinayesa ngati malayawo anali a thonje lenileni, chifukwa nsalu ya pulasitiki siigwirizana ndi chitenje pochapa ndi posita. Kayesedwe kake ndinaphunzira kwa bambo: umasolola timaulusi pang'ono n'kuyatsa ndi machesi, ndipo thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, pamene poliyesitala amasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Anali a thonje. Ndinawachapa katatu mpaka madzi anasiya kufiira, ndipo msana wokha ndi dzanja limodzi zinatulutsa tinsalu tonse 42.

Chitenje chimodzi mwa 17 zija sindinachidule. Chili ndi nkhope ya Kamuzu Banda, ndipo mayi anachilandira kwa achibale a ku Dedza m'zaka za m'ma 1970. Iwo sanavinepo m'gulu la mbumba, koma ankachisunga chifukwa cha maulendo akumudzi, pakuti lamulo la 1973 linkaletsa akazi ku Malawi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo mkazi wochokera kuno ankayenera kukhala ndi chitenje pafupi asanafike pachipata. Ndinalingalira masiku angapo, chifukwa kudula nkhope ya munthu m'timizere kunandivuta, komanso kuiika pamwamba pa bedi langa sindinafune. Ndachiika chathunthu kunsi, monga mbali ya nsalu yapansi, kumene wochiona ndi yekhayo amene watembenuza chofunda.

Nditabwerera ku Harare maluwa a jakaranda anali atayamba kuyoyoka m'misewu ya ku Avenues, ndipo mabokosi ndinawamaliza m'masabata atatu. Lachinayi lapitali amayi anzanga a kumpingo anandithandiza kuyala magawo atatu aja pansi m'holo, popeza m'nyumba mwanga mulibe malo okwana mamita awiri mbali zonse opanda mphaka, ndipo tinawagwirizitsa ndi misoko italiitali kuyambira pakati kupita m'mphepete kuti pasakhale makwinya. Mayi wina wachikulire anazindikira chitenje cha masamba a chinangwa n'kunena kuti, “Ichi anavala pa ubatizo wa mwana wanga woyamba,” ndipo ntchito inaima kwa kanthawi.

Tsopano kwatsala kusoka pamanja, ndipo nthawi yake yalakwika, chifukwa kufungatira chofunda cha thonje pamiyendo mu Novembala ndi chilango. Ndimasoka m'mamawa kusanatenthe, bokosi limodzi patsiku. Mvula yoyamba inagwa Lolemba madzulo, ngumbi zinatuluka n'kuzinga nyali ya pakhonde, ndipo Mkute anadumphadumpha mpaka kabelu kake kanaduka n'kutayika mu udzu. M'mawa mwake pabwalo la mpira la sukulu yapafupi panali adokowe akuda a mimba yoyera, amene amabwera ndi mvula kuchokera kumayiko a kumpoto, akuyenda pang'onopang'ono kutola ziwala. Ndasoka mabokosi 9, kwatsala 33, ndipo la nambala 10 ndiyamba Phulusa akadzukapo, pakuti wagona pa kansalu kofiira kenikeni kamene ndimafuna kulowetsapo singano.