Mmene ndimasankhira mbewu ya mbatata ya kachewere

Alimi ambiri kuno ku Chipata amagula mbatata ya kachewere pamsika n'kupatulako zing'onozing'ono kuti akabzale kudimba, koma ine ndimasankha mbewu ikadali m'munda, chifukwa pamulu mbatata yodwala ndi yabwino sizisiyana maonekedwe.

Ntchito imayamba mbatata ikatsala pang'ono kuchita maluwa. Ndimayenda mzere ndi mzere m'mawa, ndipo pa phando lililonse lamphamvu, la masamba otambasuka bwino, ndimazikapo kamtengo. Phando lopinimbira, la masamba opiringizika kapena amawangamawanga ndimalidumpha, popeza zimenezi ndi zizindikiro za mavairasi amene nsabwe za m'masamba zimafalitsa, ndipo amapitirira m'mbewu chaka ndi chaka mpaka zokolola kutheratu.

Matenda amene ndimaopa kwambiri ndi ofotetsa. Ndikapeza phando lafota pamene nthaka ili ndi chinyezi, ndimadula tsinde lake n'kuviika nsonga m'tambula ya madzi oyera, ndipo pakapita mphindi zochepa, ngati muli matendawa, mumatsika timizere toyera ngati mkaka. Phandolo ndimalizula pamodzi ndi dothi lake, ndipo mapando oyandikana nalo ndimawachotsa timitengo ngakhale akuoneka obiriwira. Tizilombo ta matendawa timakhalitsa m'nthaka ndipo timagwiranso tomato ndi fodya, choncho munda umene munali mbewu zimenezi sindibzalamo mbatata kwa zaka 3 kapena 4.

Kukatsala milungu iwiri kuti ndikumbe, ndimadula matsinde onse a mbewuyi kuti khungu la mbatata likhwime. Mapando a timitengo ndimayamba kukumba okha, n'kusankha mbatata zazikulu ngati dzira la nkhuku, zopanda bala la khasu. Kuzisunga m'thumba mumdima n'kuziwononga, chifukwa zimatulutsa mphukira zazitali zoyera zimene zimathyoka pobzala. Ndimaziyala pathandala pamthunzi, polowa kuwala ndi mphepo, kuti mphukira zikhale zazifupi, zonenepa ndi zobiriwira.

Kusankha kotereku kumangochepetsa matenda, sikuwathetsa, motero zokolola zikayamba kutsika ndimagula mbewu yatsopano. Pogula ndimaonetsetsa kuti thumba lili ndi chizindikiro cha Seed Control and Certification Institute, bungwe la boma la ku Chilanga limene limayeza ndi kuvomereza mbewu m'Zambia, ndipo za mtundu woyenera dera lathu ndimafunsa alangizi kapena akatswiri a ku Msekera, malo a kafukufuku wa zaulimi kuno ku Chipata. Pobzala ndimasiya masentimita 75 pakati pa mizere ndi 30 pakati pa mapando, mphukira zitaloza kumwamba.